Lilime limapola, koma dzino silimeranso

Mutu womwe komiti inandipatsa ndi wa kuboola lilime. Ndikuona ena mwayamba kale kuseka, ena mukuyang'anana. Khalani phee, sindifunsa aliyense kuti atulutse lilime tione, ndipo sindinabwere kudzadzudzula munthu. Thupi ndi lanu. Changa n'chakuti mukamasankha, musankhe mukudziwa mtengo wake wonse, osangoti ndalama zomwe mulipire tsiku loboolalo.

Tisayambe ndi zoti izi n'zachilendo zobwera ndi TikTok kapena anzathu ochokera ku Joni. Kudzikongoletsa poboola thupi kunalipo kale kuno. Tonse tinawaonapo agogo a chipini pamphuno, ndipo kale amayi a Chimang'anja kuchigwa cha Shire ankavala pelele pamlomo wam'mwamba. Ndolo za m'makutu nanga sitichita kunena. Ndiye funso loti n'chikhalidwe chathu kapena ayi tilisiye kaye. Tikambe za thupi basi. Khutu lilibe dzino pafupi, mphuno chimodzimodzi. Koma lilime limakhala pakati pa mano 32, ndipo silipuma: timayankhulira, timadyera, timamezera malovu usana ndi usiku. Mukaikapo chitsulo, chitsulocho chiziyenda nalo limodzi.

Mfundo yanga yaikulu ndi iyi, ndipo mukaiwala zina zonse mutenge imeneyi. Bala la palilime limapola m'masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, kwa ena kupitirirako pang'ono. Mukadzatopa nacho chitsulocho n'kuchichotsa, bowo limatsekeka lokha. Dzino likabenthuka silimeranso, ndipo nkhama zikatsika sizikweranso zokha. Ambirife timaopa singano ndi ululu wa tsiku limodzi, pomwe vuto lenileni limabwera mwakachetechete patapita miyezi kapena zaka.

Kachitsulo kamene amaika palilime amakatcha barbell. Ndi kandodo kowongoka kokhala ndi kamkanda kumwamba ndi kena kunsi, timikandato n'tomanga ngati sikuluwu. Tsopano taganizirani komwe kamkanda kapansiko kamakhala. Tsekani pakamwa, mumve pomwe nsonga ya lilime lanu yagona. Mwamva eti? Ndi kuseri kwa mano apansi akutsogolo. Pamenepo nkhama ndi zopyapyala, fupa logwira manowo nalonso ndi lopyapyala. Kamkanda kakamakhula pamenepo tsiku ndi tsiku, nkhama zimayamba kuthawa, muzu wa dzino n'kumaonekera. Zili ngati chingwe cha pachitsime. Sichidula konkire tsiku limodzi, koma pitani mukaone pamlomo pa chitsime chakale mizere yomwe chingwe chinasiya.

Choipa chake n'chakuti zimenezi zimachitikira kuseri, komwe simuona mukamajambula selfie. Sizipwetekanso poyamba. Mumangodabwa kuti mukamwa madzi ozizira kapena kudya freezes mano akuwawa ngati akubayidwa. Chimenecho n'chizindikiro choti muzu watsala pamtunda. Zikapitirira, fupa limadyeka, dzino limayamba kugwedera, ndipo munthu wa zaka 25 akhoza kutaya dzino lakutsogolo lomwe linalibe ngakhale kabowo kamodzi.

Kachiwiri ndi kubenthuka kwa mano. Dzino limakutidwa ndi chinthu cholimba chotchedwa enamel. Amene tinatenga Biology tikukumbukira kuti m'thupi monse mulibe cholimba kuposa chimenechi. Koma kulimba kwake kuli ngati kwa kapu yadothi: mpeni suicheka, koma mukaigogoda pamwala imang'aluka. Komanso enamel ilibe maselo amoyo, ndiye ikasweka palibe chomwe chingaikonze kuchokera m'kati. Munthu wa barbell amailuma mwangozi pakudya, poyankhula mothamanga, ngakhale kutulo. Mano otafunira akumbuyo ndi amene amavulala kwambiri. Nthawi zina kamabenthuka kachidutswa, nthawi zina mng'alu umalowa mpaka pamtsempha wa dzino, ndipo ululu wake munthu sagona nawo.

Pali kachizolowezi kena komwe pafupifupi aliyense woboola lilime amagwamo, kuseweretsa chitsulo. Mwawamvapo m'minibasi kapena m'kalasi, kuti ke-ke-ke pamano. Ena amachikoka ndi mano, ena amakankhira kamkanda pakati pa mano akutsogolo am'mwamba. Mukamakankha malo amodzimodzi kwa nthawi yaitali, mano amasuntha, mpata n'kutseguka pomwe panalibe. Ndi mmene mawaya owongolera mano amagwirira ntchito, kungoti apa palibe dokotala wolamulira komwe dzinolo likulowera. Zifukwa ngati zimenezi ndi zomwe zimachititsa bungwe la madokotala a mano la ku America, American Dental Association, kulangiza anthu kuti asaboole m'kamwa. Ku Wales anafika pokhazikitsa lamulo, ndipo kuyambira 2018 ndi mlandu kuboola lilime la munthu wosakwana zaka 18.

Mwina wina akuti, likasweka ndikakonzetsa. Amwene, kukonzetsa kuti? Madokotala a mano kwathu kuno ndi ochepa zedi. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba m'dziko muno mu 2019, ku College of Medicine komwe pano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth zili ndi mbali yoona za mano, koma amene munapitako mukudziwa kutalika kwa mzere. Kumaboma, dzino likaonongeka kwambiri, thandizo lopezeka msanga ndi kuzula. Kuvundikira dzino losweka kapena kukonza nkhama zotsika n'kofuna katswiri, ndipo kupulayiveti ndalama yake ndi yoposa kutalitali yomwe munalipira poboola. Mnzathu wa ku London kapena Johannesburg amene mumamuona pa Instagram mwina ali ndi dokotala wa mano wake komanso inshuwalansi. Ife tisanatengere, tiyambe tawerenga zomwe zili m'thumba mwathu.

Tsopano tibwere ku masiku oyambirira, chifukwa zoopsa zina sizidikira zaka. Lilime ndi mnofu wodzaza ndi magazi. Imani pagalasi, mulikweze, muona mitsempha iwiri yakuda kunsi kwake, wina uku wina uku. Woboola wodziwa ntchito amayang'ana mitsemphayi kaye, n'kudutsa pakati. Wosadziwa akalasa mtsempha, magazi ake satha ndi tishu. Palinso minyewa yothandiza kumva ndi kulawa, yomwe ikakhudzidwa lilime limachita dzanzi, kwa ena masiku ochepa, kwa ena nthawi yaitali. Sitayelo ija yopingasa kunsonga, yomwe amati snake eyes, ndi yoipitsitsa, moti ngakhale oboola ambiri odziwa ntchito amaikana. Imamanga pamodzi minofu iwiri ya lilime yomwe imayenera kuyenda payokhapayokha, ndipo timikanda take timagunda mano nthawi zonse.

M'kamwa mumakhala mabakiteriya ambirimbiri, ngakhale mwa munthu wotsuka bwino. Bowo latsopano ndi khomo lawo. Akalowa pansi pa lilime akhoza kuyambitsa matenda otchedwa Ludwig's angina, omwe dokotala wa ku Germany, Wilhelm von Ludwig, anawafotokoza mu 1836. Pansi pa chibwano pamatupa n'kulimba gwa, lilime limakankhidwira m'mwamba ndi kumbuyo, mpaka njira ya mpweya kutsekeka. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika munthu akhoza kumwalira ngati wachedwa kufika kuchipatala.

Kenako pali nkhani ya zida. Singano yomwe yadutsa mwa mnzanu ikhoza kukupatsirani HIV, hepatitis B kapena hepatitis C. Kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala kamoyo pachitsulo kwa sabata yathunthu ngakhale magazi atauma. Ambiri obadwa kuyambira 2002 tinabayidwa katemera wake tili makanda, chifukwa ndi chaka chomwe anaikidwa pa katemera wa ana m'dziko muno. Koma hepatitis C ndi HIV zilibe katemera. Kupukuta singano ndi sipiriti kapena kuiwotcha pa kandulo sikukwanira. Ndipo kwa ife amene timakonda kupereka magazi kalabu ikaitanidwa, dziwani kuti malo ambiri olandirira magazi padziko amauza munthu wongoboola kumene kuti adikire kaye miyezi ingapo.

Alipo ena amene ndikuwapempha kuti nkhani yoboola lilime angoisiya. Ngati munauzidwapo kuti muli ndi vuto la mtima, makamaka lija loyamba ndi zilonda zapakhosi muli mwana, lomwe azachipatala amati rheumatic heart disease, mabakiteriya a m'kamwa akhoza kuyenda ndi magazi n'kukamera pamavavu a mtima. Matenda a mtima amenewa alipo ndithu pakati pa achinyamata kuno kwathu. Chimodzimodzi ngati muli ndi shuga, ngati magazi anu amachedwa kuleka mukadzicheka, ngati chitetezo cha m'thupi chili chotsika, ngati muli oyembekezera, kapena ngati nkhama zanu zimatuluka kale magazi potsuka. Muli m'gulu limeneli, gulani ndolo zokongola za m'makutu, nkhani ithere pomwepo.

Chabwino, wina wamva zonsezi ndipo akuti ine ndiboolabe. Ndi ufulu wanu, bola mwakwana zaka 18. Ndiye tiyeni tikambe mochitira kuti muchepetse ngozi. Choyamba, osati ku hostel, osati kuchipinda kwa mnzanu amene anaonera pa YouTube, osatinso ndi kamfuti koboolera makutu. Pitani kwa munthu amene ntchito yake ndi imeneyi, ndipo mufunseni mafunso osachita manyazi. Paja safunsa anadya phula. Singano aitsegule m'pepala lake inu mukuona, ndipo akatha aitaye. Avale magolovesi atsopano. Akuonetseni makina ophera tizilombo otchedwa autoclave, omwe amaphika zida ndi nthunzi yotentha kufika madigiri 121 kapena kuposa. Akakwiya ndi mafunso anu, nyamukani muzipita. Chitsulo chikhale cha titanium kapena china chovomerezeka kukhala m'thupi. Zotchipa za pamsika zambiri zimakhala ndi nickel, yomwe anthu ena matupi awo amadana nayo, amatupa ndi kuyabwa. Musapite mutamwa mowa, musapite ndi njala, ndipo musaboole mayeso kapena intaviyu ili pafupi, chifukwa kwa masiku angapo mudzayankhula ngati mwaika mbatata yotentha m'kamwa.

Mukaboola, lilime litupa ndithu. Kutupa kumakula m'masiku atatu mpaka asanu oyambirira, kenako kumayamba kuphwa, ndipo pofika sabata imodzi kapena masiku khumi kumakhala kwachepa. N'chifukwa chake amayamba kukuikani barbell yaitali, kuti lilime lipeze malo otupira. M'masiku amenewa muzimwa madzi ozizira, muzivumata tizidutswa ta ayisi wopangidwa ndi madzi aukhondo, osamutafuna. Pogona ikani mapilo awiri kuti mutu ukwere. Pa ululu, Panado ndi wokwanira. Aspirin ayi, chifukwa amachititsa kuti magazi achedwe kuleka.

Chukuchani m'kamwa mukatha kudya chilichonse komanso musanagone. Wiritsani madzi, muwasiye afunde, muikemo mchere wochepa, kota ya supuni ya tiyi m'kapu imodzi. Musati mchere wambiri ndiye lipola msanga, ayi, umangowotcha bala. Ngati mukugula mankhwala ochukuchira, werengani pabotolo, asakhale ndi alcohol. Kanayi kapena kasanu patsiku n'kokwanira. Gulani mswachi watsopano wofewa, muzitsuka mano monga mwa masiku onse, koma modekha pafupi ndi chitsulo. Musachigwire ndi manja osasamba. Tsiku lililonse, mutasamba m'manja ndi sopo, onani ngati timikanda tili tomangika bwino, chifukwa kakamasuka mukhoza kukameza kapena kutsamwa nako kutulo.

Kumbali ya zakudya, sabata yoyamba ndi ya phala lozizira, nthochi zakupsa, mapeyala, mbatata yophwanya, mazira ofewa. Nsima muidikire izizire, muzitema timbamu ting'onoting'ono n'kuika kumano akumbuyo, kutafuna pang'onopang'ono. Tsabola, kaya Nali kaya kambuzi, dikirani kaye. Mandimu, chinanazi, tiyi wotentha, chimodzimodzi. Nzimbe, chimanga chootcha, mtedza wokazinga ndi usipa wouma ndiye musayerekeze n'komwe. Mowa ndi fodya zimachedwetsa bala kupola. Ndipo ili ndilinena mosabisa poti tonse ndife akuluakulu: mpaka bala litapola, palibe kupsompsonana kwa m'kamwa, palibe zogonana za m'kamwa, palibe kumwerana botolo kapena kubwerekana supuni. Bala lotseguka ndi njira ya matenda, kuphatikizapo opatsirana pogonana. Wachikondi amene sangadikire mwezi umodzi, mwamudziwiratu.

Zina mukaona musachite mantha. Timagazi pang'ono tsiku loyamba, malovu ochuluka, ndi timadzi toyererako totuluka pabowo, zimenezo ndi mmene bala limapolera. Koma izi ndikutchula apa, mukaona chimodzi chokha, thamangani kuchipatala ngakhale ndi usiku. Kupuma kapena kumeza kukuvuta. Pansi pa chibwano kapena khosi patupa. Kutupa kukukulirakulira m'malo mophwa. Thupi latentha, mukunjenjemera. Mafinya achikasu kapena obiriwira, onunkha. Magazi sakuleka ngakhale mwapanikiza ndi kansalu koyera kwa mphindi khumi. Kamkanda kayamba kumira m'lilime.

Pamenepa ndikupempheni zinthu zitatu. Thupi likatentha musangoti ndi malungo n'kukagula LA. Musagulenso makapusozi pagolosale n'kumamwa mwachisawawa. Chachiwiri, mukafika kuchipatala nenani zoona kuti munaboola lilime tsiku lakuti. Mwina anamwino akuyankhulani pang'ono, koma bola kukalipiridwa kusiyana ndi kupatsidwa mankhwala a matenda olakwika. Chachitatu, ngati mukuganiza kuti bala lalowa matenda, musachotse nokha chitsulo. Bowo la palilime limatsekeka msanga kwambiri, ndipo likhoza kutsekera mafinya m'kati. Achipatala ndi amene anene chochita. Kunyumbanso uzaniko munthu mmodzi wamkulu, kaya achemwali, kaya azakhali. Ambiri amabisa poopa makolo, ndiye zikavuta pakati pa usiku palibe amene akudziwa chomwe chikuchitika.

Pali sitepe imodzi yomwe ambiri amaidumpha, koma ndi yomwe imapulumutsa mano. Kutupa kukatha, patapita masabata awiri mpaka anayi, bwererani kwa amene anakuboolani akakuikeni barbell yaifupi. Yaitali ija ntchito yake inali ya masiku otupa basi. Mukaisiya imalendewera, imafika pamano mosavuta, ndipo ndi imene mumailuma. Ena amasintha timikanda n'kuika tapulasitiki. Timeneto sitiswa dzino msanga ngati tachitsulo, koma timakhulabe nkhama, ndipo timatha kusweka tokha. Musadzinamize kuti mwathana nalo vuto.

Bala likapola, ntchito ikadalipo kwa nthawi yonse yomwe chitsulocho chili m'kamwa. Lekani kuchiseweretsa, ndipo uzani anzanu kuti akakumvani mukugogoda pamano azikukumbutsani. Muzichichotsa nthawi ndi nthawi n'kuchitsuka ndi mswachi, chifukwa litsiro lomwe limakanirira pamano limakaniriranso pachitsulo, ndipo limanunkhitsa m'kamwa. Anyamata a mpira ndi atsikana a netball, chotsani musanalowe m'bwalo. Chigongono chimodzi pachibwano ndi chokwanira kuswa dzino. Kamodzi pamwezi tengani galasi ndi tochi ya foni, muyang'ane kuseri kwa mano apansi akutsogolo. Dzino likamaoneka lalitali kuposa anzake, nkhama zikafiira kapena kutuluka magazi, dzino likayamba kuwawa ndi zozizira, chotsani chitsulocho ndipo kaonaneni ndi a mano. Ngakhale zonse zikuoneka bwino, yesetsani kukapimitsa mano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Kwa inu amene munaboola kale, sikuti zatha ayi. Lero lomwe mukafika kunyumba yang'anani nkhama zanu, onani kutalika kwa barbell yanu. Ngati ikadali yoyamba ija, kasintheni. Ndipo tsiku lomwe mudzaone kuti dzino layamba kuvutika, musaumirire. Kuchotsa si kugonja. Lilime lidzatseka, padzatsala kachipsera koti palibe angakaone.

Kwa amene mukuganizirabe, dzipatseni mwezi umodzi. Pa mwezi umenewo funsani mtengo wokonzera dzino limodzi losweka kupulayiveti, muuike pambali pa mtengo woboolera, kenako musankhe. Fasho imasintha, tonse tili ndi zithunzi za ku Form 2 zomwe sitifuna kuti wina azione. Koma mano omwe muli nawowa ndi omwewo mudzasekere pa chithunzi cha ukwati wanu, ndi omwewo mudzatafunire chimanga muli ndi zidzukulu.

Amene ali ndi funso afunse pompano, amene akuchita manyazi alembe kapepala aponye m'bokosi lathu lija, ndipo mafunso ofuna achipatala tidzawatengera kwa azaumoyo.